Ndayamba ntchito pa esiteti koma sindinapatsidwe kalata: kodi wa pulobeshoni alibe choyankhula?

Funso la ulendo uno lachokera kwa mtsikana wina wa kufupi ndi Luchenza, m'boma la Thyolo, ndipo iye akuti: "Ndinalemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha, ndipo mu Disembala ndinalembedwa ntchito ya ukalaliki wa pasikelo pa esiteti ina ya tiyi. Imeneyi ndi ntchito yanga yoyamba. Patha miyezi iwiri koma sindinapatsidwe kalata iliyonse. Anangondiuza pakamwa kuti ndili pa pulobeshoni ya miyezi 6 ndipo kontirakiti yanga ndi ya sizoni. Masiku ambiri timaweruka kutada chifukwa timadikira kuti othyola onse ayezetse masamba, koma ndalama za ovataimu sindinazionepo. Mwezi wathawu anandidula K5,000 ati chifukwa ndinachedwa kawiri. Kapitawo wathu amati wa pulobeshoni alibe choyankhula ndipo akhoza kuchotsedwa tsiku lililonse. Kodi n'zoona? Ndikuopa kufunsa, mwina ndingataye ntchito."

Achemwali, mawu a kapitawo wanu ali ndi kachigawo kakang'ono koona, ndipo kachigawo kameneko ndi kamene kamachititsa anthu ambiri ongoyamba ntchito kukhulupirira zonse zimene auzidwa. N'zoona kuti munthu amene ali pa pulobeshoni akhoza kuuzidwa kuti ntchito yatha popanda kupatsidwa notisi. Koma si zoona kuti munthu woteroyo alibe choyankhula, chifukwa malipiro ake, maola ake, ovataimu yake, chitetezo cha thupi lake ndi ulemu wake zimatetezedwa ndi lamulo kuyambira tsiku limene anafika pantchito. Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, limanena kuti munthu aliyense ayenera kugwira ntchito motetezeka ndi mosaponderezedwa, kulandira malipiro oyenera, ndiponso kukhala ndi ufulu wolowa bungwe la ogwira ntchito. Tsatanetsatane wa zimenezi ali mu lamulo la Employment Act la chaka cha 2000, limene linakonzedwanso mu 2010 ndi mu 2021, ndipo zambiri zimene ndifotokoze pano zachokera m'menemo. Lamuloli limagwira ntchito chimodzimodzi kwa wa muofesi ku Blantyre ndi kwa wothyola tiyi ku Makwasa kapena ku Limbuli.

Tiyambe ndi kalata, popeza mavuto ena onse mwatchulawa akutsamira pamenepo. Gawo 27 la Employment Act limalamula wolemba ntchito aliyense amene ali ndi antchito osachepera asanu kuti apereke kwa wantchito watsopano chikalata chofotokoza mfundo za ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchitoyo. M'chikalatamo muyenera kukhala mayina a mbali zonse ziwiri, tsiku loyambira ntchito, malipiro ndi kawerengedwe kake, nthawi yolandirira, mtundu wa ntchito, maola ogwirira ntchito, njira yothetsera mgwirizano ndiponso malamulo a chilango a pamalopo. Esiteti ya tiyi imakhala ndi antchito mazanamazana, choncho palibe kukayika kuti gawoli likuikhudza, ndipo pamene inu mwatha miyezi iwiri wopanda pepala, amene walakwira lamulo ndi wolemba ntchitoyo, osati inuyo.

Musaganize kuti popeza mulibe pepala ndiye kuti simuli pantchito. Lamulo limazindikira mgwirizano wa pakamwa monga momwe limazindikirira wolembedwa, ndipo munthu amene amalawirira m'mawa, kulembedwa m'buku la obwera kuntchito ndi kulandira malipiro pakutha pa mwezi ndi wantchito ndithu. Vuto la mgwirizano wa pakamwa limaonekera tsiku la mkangano, pamene inu mukunena kuti munalonjezedwa zakuti, abwana akunena zina, ndipo amene analipo pomwe mumalonjezedwa ndi wantchito wa abwana omwewo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pemphani kalatayo modekha ku ofesi yoona za antchito kapena kwa kalaliki wamkulu, osati kwa kapitawo, chifukwa kapitawo amayang'anira ntchito ya tsiku ndi tsiku koma si amene anakulembani. Akakupatsani kuti musayine, muwerenge kaye, mufunse pamene simukumva, ndipo mupemphe kope lanu. Satifiketi yanu ya MSCE ndi chitupa chanu cha unzika muziwaonetsa n'kusiya fotokope. Zenizenizo zizikhala ndi inu.

Za pulobeshoni zili mu gawo 26. Gawoli limalola kuti pa mgwirizano wa wantchito wa luso mbali ziwirizo zigwirizane nthawi yoyeserera, yosapitirira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo aliyense, abwana kapena wantchito, akhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Wochotsedwa ali pa pulobeshoni salandiranso ndalama za severance, zimene wantchito amapatsidwa abwana akamuthetsera ntchito. Zimene pulobeshoni imachotsa n'zomwezo basi. Sichotsa malipiro a masiku amene mwagwira kale, sichotsa ovataimu, sichotsa tsiku lopuma, ndipo sichotsa gawo 5 limene limaletsa tsankho lochokera pa mtundu, chipembedzo, chilankhulo, ndale, ulumali, kukhala mkazi kapena mwamuna, kukhala pabanja kapena ayi. M'funso lanu muli kanthu kamene kandidabwitsa. Tiyi amachuluka ndi mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, ndipo ngati kontirakiti yanu ndi ya sizoni pamene pulobeshoni ndi ya miyezi 6, ndiye kuti mudzakhala mukuyesedwa sizoni yonse, kuyesako n'kudzatha ntchito itatha kale. Ine sindiona kuti dongosolo lotere likugwirizana ndi cholinga cha pulobeshoni, chimene ndi kuona ngati munthu angapitirize ntchito. N'kutheka kuti mawu a pulobeshoniwo akungozungulira kumunda koma m'mabuku a kampani mulibe, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chofunira kuona zolembedwa.

Kontirakiti ya sizoni payokha si yolakwika. Lamulo limazindikira migwirizano ya mitundu itatu: wopanda tsiku lothera, wa nthawi yoikika, ndi wa ntchito inayake imene ikatha mgwirizano nawonso watha. M'maboma a Thyolo ndi Mulanje anthu ambiri amalowa pa esiteti kudzera m'mitundu iwiri yomalizayi, ndipo sizoni ikatha amabwerera kumudzi kukadikira mvula ina. Koma pali mfundo ziwiri zimene anthu a sizoni ambiri sazidziwa, ndipo kusazidziwako kumawatayitsa ndalama patapita zaka. Yoyamba ili mu gawo 28, ndipo imati ngati mgwirizano ukutchedwa wa nthawi yoikika koma kwenikweni munthuyo akugwira mokhazikika ntchito imene imafunika nthawi zonse pakampanipo, mgwirizanowo udzatengedwa kuti ndi wopanda tsiku lothera. Kalaliki amene amasayinitsidwa kontirakiti ya miyezi itatuitatu chaka chonse, chaka ndi chaka, pa desiki yomweyo, akhoza kutsamira pa mfundo imeneyi. Yachiwiri ili mu gawo 43, ndipo imati wantchito amene amalembedwa ndi bwana mmodzimodziyo masizoni otsatizana amawerengedwa kuti wagwira ntchito mosadukiza kwa nthawi yonse imene anagwiradi, miyezi ya masizoni onsewo ikaphatikizidwa. Choncho mukadzabweranso Disembala wa chaka chino simudzakhala mukuyambira pa ziro, ndipo n'chifukwa chake pepala lililonse la sizoni ino liyenera kusungidwa, ngakhale likuoneka lopanda ntchito lero.

Tsopano maola. Malire a lamulo ndi maola 48 pa sabata, osawerengera ovataimu, ndipo kwa munthu wogwira masiku 6 pa sabata zimenezi zikutanthauza maola 8 pa tsiku. Munthu sayenera kugwira masiku opitirira 6 motsatizana popanda kupuma maola 24 athunthu. Lamulo limapereka mpata pa nthawi zapadera, monga pakachitika ngozi kapena makina akafuna kukonzedwa mwamsanga, koma kudikira othyola tsiku ndi tsiku si ngozi. Ndi mmene ntchito ya pasikelo imakhalira masamba akachuluka, ndipo nthawi imene muli pasikelo mwa lamulo la abwana ndi nthawi ya ntchito. Gawo 39 limagawa ovataimu patatu. Ola lowonjezera pa tsiku la ntchito limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka, ola logwiridwa pa tsiku lanu lopuma limalipidwa kawiri, ndipo ola logwiridwa pa holide ya boma limalipidwanso kawiri. Tingoyerekeza kuti mumalandira K156,000 pa mwezi. Maola 48 pa sabata amakwana pafupifupi maola 208 pa mwezi, choncho ola lanu ndi K750, la ovataimu wamba ndi K1,125, ndipo la Lamulungu kapena la holide ndi K1,500. Ngati mumawonjezera maola awiri masiku 20 pa mwezi, ndalama imene simukuionayo ndi K45,000, yoposa kotala la malipiro onsewo. Mukaika malipiro anu enieni m'malo mwa chitsanzochi mudzadziwa kukula kwa nkhani imene mukuopa kuifunsa.

K5,000 imene anakudulani ndi nkhani yosavuta kuiweruza kuposa zonse. Gawo 56 limapatsa wolemba ntchito mphamvu yolanga wantchito wolakwa pomupatsa chenjezo lolembedwa, kumuimitsa kaye, kapena kumutsitsa paudindo, koma limamuletsa kulipiritsa chindapusa. Chimene amaloledwa ndi kusalipira nthawi imene wantchito anajomba popanda chilolezo ndi popanda chifukwa chomveka, komanso kudula ndalama zobwezera katundu amene wantchitoyo wawononga. Ngati munachedwa theka la ola kawiri, ndiye kuti munaphonya ola limodzi, ndipo pa chitsanzo chathu chija ola limodzi ndi K750. Zotsalazo ndi chindapusa. Apa ndiwonjezepo kuti kuchedwa ndi kulakwa ndithu, ndipo abwana akanakhala m'kati mwa lamulo akanakupatsani chenjezo lolembedwa, limene pakapita nthawi limapweteka kuposa K5,000. Musatenge kuletsedwa kwa chindapusa ngati chilolezo chofika dzuwa litakwera.

Ndalama iliyonse yodulidwa iyenera kuonekera pa peyisilipi, chifukwa lamulo limafuna kuti pa malipiro aliwonse wantchito apatsidwe pepala losonyeza ndalama zonse asanadule, zimene zadulidwa ndi cholinga chake, ndi zimene zatsala. Zodulidwa zodziwika ndi msonkho wa PAYE umene umapita ku MRA malipiro akapitirira mlingo wosadulidwa msonkho, ndalama ya umembala wa yuniyoni ngati munavomera kulowa, ndi penshoni. Pa penshoni wantchito amadulidwa 5 peresenti ndipo wolemba ntchito amawonjezera 10 peresenti yochokera m'thumba mwake. Pa K156,000 zimenezo ndi K7,800 yanu ndi K15,600 ya abwana. Amene akudulidwa penshoni ayenera kudziwa dzina la kampani yosunga ndalamazo ndi kupempha sitetimenti nthawi ndi nthawi, popeza kudulidwa pa peyisilipi n'kwina, kufika kwa ndalamazo kumene zikuyenera kupita n'kwinanso. Ngati mwaikidwa m'gulu la antchito amene sali m'ndondomeko ya penshoni, monga zakhala zikuchitikira ndi antchito a sizoni, funsani za ndalama ya gratuity imene lamulo linaika m'malo mwake kuti izilipidwa ntchito ikatha. Choletsedwa kotheratu ndi kulipiritsa munthu kuti apeze ntchito kapena kuti asachotsedwe, kaya ndalamayo ikutchedwa ya fanta kaya ya chithokozo.

Simunatchule malipiro anu, koma muwayerekeze ndi malipiro otsikitsitsa amene boma limalengeza kudzera ku unduna wa zantchito. Chiwerengerochi chimasintha kawirikawiri chifukwa cha kukwera mitengo kwa zinthu: chinali K50,000 pa mwezi mu 2021, chinafika K90,000 mu 2024, kenaka K126,000 mu 2025, ndipo ofesi ya leba ya pa boma idzakuuzani chimene chikugwira ntchito lero. Pa maesiteti a tiyi pali muyezo wachiwiri. Kuyambira mu 2016, bungwe la eni minda ya tiyi la Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU akhala akusayinirana mgwirizano wa malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito, umene umakambidwanso nthawi ndi nthawi. Mgwirizano wotere ukhoza kupereka zoposa zimene lamulo limanena koma sungapereke zochepera. Funsani woimira yuniyoni pa esiteti panu akuonetseni zimene mgwirizano umene ulipo panopa ukunena pa giredi yanu ndi pa maola a nthawi ya masamba ambiri.

Za tchuthi ndingodutsamo mwachangu. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a livi yolipidwa pa chaka, wogwira masiku 5 ali ndi masiku 15, ndipo amene sanakwanitse chaka amalandira molingana ndi miyezi imene wagwira, kutanthauza tsiku limodzi ndi theka pa mwezi uliwonse kwa inu. Livi ya matenda, imene ndi masabata 4 a malipiro athunthu ndi masabata 8 a theka la malipiro pa chaka, imayamba munthu akatha miyezi 12 pantchito, ndipo imafuna kalata ya kuchipatala. Ngakhale musanafike miyezi 12, mukadwala tengani kalata kuchipatala ndipo mudziwitse kuntchito tsiku lomwelo, chifukwa kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala lamulo silikuvomereza kukhala chifukwa chochotsera munthu. Mukavulala pantchito, nenani nthawi yomweyo ndipo muonetsetse kuti zalembedwa, popeza chipukuta misozi cha mu Workers' Compensation Act ya 2000 chimatsata ngozi yolembedwa, osati yongokumbukiridwa.

Pali nkhani imene simunafunse koma sindingaidumphe polankhula ndi mtsikana amene wayamba ntchito pa esiteti ndipo wauzidwa kale kuti alibe choyankhula. Mawu amenewo, pakamwa pa anthu ena, amakhala chiyambi cha zopempha zina. Munthu amene ali ndi mphamvu yonena kuti uyu abwerenso sizoni ya mawa, uyu asabwere, nthawi zina amafuna kugwiritsa ntchito mphamvuyo pofuna chibwenzi, ndipo amasankha ongoyamba kumene chifukwa amadziwa kuti ali ndi mantha. Sindikunena kuti kapitawo wanu ndi wotero. Ndikunena kuti zikadzachitika, kwa inu kapena kwa mnzanu, mudziwe kuti ndi mlandu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, kaya ndi za mawu kaya ndi zogwiragwira, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Makampani a tiyi alinso ndi ndondomeko yawo yolimbana ndi mchitidwewu, ndipo m'maesiteti ambiri muli makomiti kapena anthu oikidwa kulandira madandaulo otere. Dziwani msanga kuti pa esiteti panu munthu ameneyo ndani. Ngati njira ya m'kati yatsekeka, kuli polisi, kuli ofesi ya leba, kulinso bungwe la Malawi Human Rights Commission. Mauthenga a pafoni musafufute. Pa za uchembere, mayi ali ndi masabata osachepera 8 a tchuthi cholipidwa mokwanira kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu. Kusintha kwa mu 2021 kunawonjezera masabata awiri a tchuthi cha abambo ndiponso nthawi yoyamwitsa mwana m'kati mwa maola a ntchito.

Mantha anu aakulu ndi kuchotsedwa, ndiye tione mmene lamulo limayendera munthu akadutsa pulobeshoni. Gawo 57 limafuna zinthu ziwiri pamodzi. Payenera kukhala chifukwa chomveka, chokhudza luso la wantchito, khalidwe lake, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani. Ndipo ngati chifukwacho ndi luso kapena khalidwe, wantchito ayenera kupatsidwa mpata woyankha zimene akumunenera asanachotsedwe. Milandu yambiri olemba ntchito amagwera pa mfundo yachiwiriyi, chifukwa amakhala ndi chifukwa chenicheni koma amathamangitsa munthu pageti osamumva. Nkhani ikafika kubwalo, udindo wosonyeza chifukwa chochotsera uli pa wolemba ntchito, ndipo akalephera, kuchotsako kumatengedwa kuti n'kopanda chilungamo. Gawo lomwelo limatchula zifukwa zimene sizivomerezeka, ndipo pakati pa izo pali kulowa yuniyoni, kuchoka pamalo pamene pali ngozi yoopseza moyo, ndiponso kukadandaula za abwana ophwanya lamulo. Pa mgwirizano wopanda tsiku lothera, notisi ya wolandira pa mwezi ndi mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi m'malo mwake, ndipo mfundo imeneyi imamanganso wantchito akafuna kusiya. Ya wolandira pa sabata kapena pa tsiku imakhala yaifupi, n'kumakula malinga ndi zaka za pantchito.

Lamulo lomweli limalolanso kuchotsa munthu nthawi yomweyo, popanda notisi, pa kulakwa kwakukulu, kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza, kukana dala malangizo ovomerezeka, kujomba popanda chilolezo, kapena kunama kuti uli ndi luso limene ulibe. Pa ntchito yanu mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa mmene mungaganizire. Kalaliki wa pasikelo amakhala pakati pa dengu la wothyola ndi malipiro ake, ndipo sipadzalephera kubwera wina wopempha kuti mumuwonjezere makilo awiri mudzagawane, kapena wamkulu wina wokuuzani kuti muchotseko pang'ono pa aliyense. Zonse ziwiri ndi kuba, kwina kubera kampani, kwina kubera amayi amene athyola pamvula kuyambira m'bandakucha, ndipo tsiku limene zidzaululike dzina limene lidzapezeke pa pepala ndi lanu. Wochotsedwa pa chifukwa chotere alibe notisi, alibe severance, ndipo bwalo silingamuthandize ngati anapatsidwa mpata woyankha.

Wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokha, kuwerengera tsiku limene anachotsedwa, yokapereka dandaulo lake kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake. Ofesi zimenezi zilipo pa boma la Thyolo ndi pa boma la Mulanje, ndipo anthu amangoti "ku leba". Mkuluyo amaitanitsa mbali ziwirizo kuti ayanjanitse, ndipo ngati patha mwezi umodzi nkhani isanathe, imapita ku Industrial Relations Court, bwalo la milandu ya zantchito limene linakhazikitsidwa ndi Labour Relations Act ya 1996 ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Kumeneko munthu akhoza kudziyankhulira yekha popanda loya, ndipo wosowa ndalama akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Bwalo likhoza kulamula kuti munthu abwezeredwe pantchito, alembedwenso pa ntchito yofanana nayo, kapena alipidwe chipukuta misozi, chimene kwa wogwira zaka zosapitirira 5 sichichepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse. Ndinene mosabisa kuti kwa munthu wa miyezi yochepa ndalama imeneyi ndi yaing'ono, ndipo milandu kubwaloko imatenga nthawi. Miyezi itatu ija imathera ambiri m'kudikira malonjezo a "tidzakuitanani", choncho wochotsedwa azikalembetsa dandaulo lake kaye, kudikirako kuzichitika dandaulo lili kale m'buku.

Nanga inu, amene mudakali pantchito ndipo mukufuna kukhalabe, muchite chiyani sabata ino? Ine sindingakulangizeni kuti mawa mukafike paofesi ndi magawo a lamulo pakamwa, chifukwa malinga ngati nkhani ya pulobeshoni ija ili yoona, abwana ali ndi khomo losavuta lokutulutsirani, ndipo kusonyeza pambuyo pake kuti munachotsedwa chifukwa chodandaula ndi ntchito yaikulu. Yambani ndi kope la sukulu. Tsiku lililonse muzilemba deti, nthawi yolowera, nthawi yowerukira, ndi amene anakuuzani kuti mutsalire. Muyambire lero, ndipo masiku apitawa mulembe amene mukuwakumbukira bwino okha, osapeka. Peyisilipi iliyonse muijambule pafoni ndipo pepalalo likhale kunyumba. Ndalama za ovataimu zimene simunalandire sizifa chifukwa mwadikira milungu ingapo. Zimakhala ngongole ya kampani kwa inu, ndipo kope lija ndi limene lidzasonyeze kukula kwake. Kenaka pemphani kalata ya ntchito, chifukwa pempho limeneli silitsutsa munthu aliyense. Nkhani ya ovataimu ndi ya chindapusa muipititse kudzera kwa woimira yuniyoni, popeza ngati inu simukulandira, n'zachidziwikire kuti makalaliki anzanu nawonso sakulandira, ndipo dandaulo la gulu silikhala ndi nkhope ya munthu mmodzi. Zikakanika pamenepo, mkulu wa ku leba ali ndi mphamvu yoyendera malo a ntchito ndi kuona mabuku a malipiro, ndipo lamulo limamulamula kusunga chinsinsi cha amene anabweretsa dandaulo.

Sizoni ikadzatha, kapena mgwirizano ukadzatha m'njira ina iliyonse, ndalama zonse zimene muyenera kulandira, kuphatikizapo malipiro otsala, ovataimu ndi masiku a livi amene simunapume, ziyenera kulipidwa pasanathe masiku 7. Mudzapemphenso satifiketi yosonyeza kuti munagwira ntchito pamenepo, imene gawo 31 la Employment Act limalamula wolemba ntchito kupereka wantchito akaipempha. Imakhala ndi masiku amene munayamba ndi kumaliza, udindo wanu ndi malipiro anu, ndipo chifukwa chothera ntchito chimalembedwapo pokhapokha inuyo mutafuna. Pepala limeneli ndi limene lidzalumikize sizoni ino ndi yotsatira pa kawerengedwe ka gawo 43 kaja. Pa tsiku lolandira ndalama zomaliza makampani ena amapereka fomu yonena kuti wantchito walandira zonse ndipo alibenso chodandaula. Ngati chiwerengero chili pa fomuyo chikusiyana ndi cha m'kope lanu, pemphani kuti akuwerengereni chimodzichimodzi mmene afikira pa ndalamayo, ndipo ngati kusiyanako kudakalipo, lembani pafupi ndi siginecha yanu kuti mwalandira ndalama yakutiyakuti koma ya ovataimu ndi K5,000 ija zatsala, kenaka mujambule fomuyo musanaibweze.